Wodwala akasowa mawu, amulankhulire ndani?

 

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nzoona. Koma lero tikambirane za munthu amene m'mimba mukumupweteka, chonsecho sangadzuke kukatsekula chitsekocho, ngakhale kuitana wina kuti amutsegulire. Anthu otere alipo m'midzi mwathu. Ndi agogo amene sitiroko inawamanga lilime. Ndi mayi woyembekezera amene wakomoka chifukwa cha BP. Ndi mtsikana amene anadwala malungo a mu ubongo ali wakhanda, lero wakula koma salankhula. Ndi mnyamata amene matenda a maganizo amukulira. Ndi agogo oiwalaiwala, amene ngakhale ana awo sakuwazindikiranso.

Anthu amenewa timawapangira ziganizo tsiku ndi tsiku: apite kuchipatala kapena ayi, achitidwe opaleshoni kapena ayi, akhale kwa ndani, ndalama zawo asunge ndani. Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikudziwa kuti ena simugwirizana nane. Pa ziganizo zikuluzikulu ngati zimenezi pazikhala munthu mmodzi wopanda mbali, woti kaya wodwalayo achire kaya amwalire iye sapindula kanthu. Ntchito yake ikhale imodzi yokha, kufunsa kuti, "Kodi mwini wakeyu akanati chiyani?"

GADIYANI NDI MZATI, KOMA NAYE NDI MUNTHU

Ndiyambe ndi kuthokoza. Zipatala zathu sizingayende popanda magadiyani. Ndinu amene mumaphika phala, kuchapa zitenje, kusambitsa wodwala, kumutembenuza usiku, kugona pa simenti milungu ndi milungu. Namwino mmodzi akatsala ndi wodi yodzaza, maso ake ndinu. Mulungu azikudalitsani.

Koma gadiyani naye ali ndi moyo wake. Adokotala akati wodwala atumizidwe ku Mzuzu Central Hospital, ulendo wa makilomita oposa 300 kudzera ku Karonga, gadiyani amayamba kuwerengera. Ndikadya chiyani kumeneko? Ana kunyumba atsala ndi ndani? Chimanga apalira ndani? Nanga akakamwalirira komweko, thupi tidzalibweretsa bwanji? Mafunso amenewa ndi enieni, kuwaganiza si tchimo. Chovuta nchakuti yankho lake limatuluka m'dzina la wodwala. Timangomva kuti, "Agogo sakufuna, akuti tizipita kunyumba," pamene agogowo atha masiku anayi osatsegula pakamwa.

Pali nkhani ya chuma. Bambo akagona osalankhula, munda wake wa khofi, ng'ombe zake, nyumba yake ya malata ndi ndalama za mu foni zimatsala pamtetete. Wina amagulitsa ng'ombe nkumati ndalama zake nzothandizira matenda, koma wodwala osaona ndi botolo la Sobo lomwe. Chitipa ndi limodzi mwa maboma oyambirira kulandira Mtukula Pakhomo, thandizo lomwe linayambira ku Mchinji mu 2006. Agogo akalephera kuyenda, wina amakawalandirira. Ambiri amafikitsa mokhulupirika. Koma akapanda kufikitsa, agogo osalankhula akadandaula kwa ndani?

Palinso mantha ndi manyazi. Agogo oiwalaiwala akapezeka usiku pakhomo pa eni, kapena akalankhula zosalongosoka, ena amathamangira kunena kuti ndi mfiti. Chikhalirecho ndi matenda a ubongo. Lamulo la 1911 lokhudza za ufiti limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Komabe banja likachita mantha ndi mudzi, limatha kuwatsekera agogowo m'nyumba kapena kuwasiya okha. Chimodzimodzi mnyamata wodwala maganizo, amamangidwa ndi unyolo pa mtengo m'malo mopita naye kuchipatala, komwe angapatsidwe mankhwala kapena kutumizidwa kwa akatswiri, monga a St John of God ku Mzuzu.

Sindikuti abale ndi oipa. Ndikuti munthu wotopa, wosowa ndalama kapena woyembekezera cholowa zimamuvuta kusiyanitsa chofuna chake ndi chofuna cha wodwala. Aliyense wa ife zikhoza kumuchitikira.

TISANAMULANKHULIRE, TIONETSETSE KUTI SANGALANKHULEDI

Apa ndi pamene pagona nkhani. Anthu ambiri amene timati sangathe kunena zofuna zawo, zoona zake nzakuti sitinawafunse bwino.

Kuno ku Chitipa zilankhulo nzambiri: Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chinamwanga, Chitumbuka ndi zina. Agogo a ku Misuku amene moyo wawo wonse alankhula Chisukwa akakumana ndi dokotala wochokera ku Blantyre, amatha kungokhala chete, kuwerama. Adokotala amatembenukira kwa mdzukulu, ndiye basi nkhani yonse yathera pa mdzukuluyo. Agogowo mutu wawo uli bwinobwino, chasowa ndi womasulira. Pemphani kuti apezeke wogwira ntchito wodziwa chilankhulo chawo. Womasulira azinena mawu a wodwala momwe alili, osachotsa, osawonjezera zake.

Munthu amene wagwidwa sitiroko akhoza kumamva zonse ngakhale mawu sakutuluka. Musamakambirane za maliro ake kapena za munda wake muli pambali pa bedi ngati kuti palibe munthu. Khalani kutsogolo kwake, mlankhule mmodzimmodzi, wailesi muzimitse. Funsani funso limodzi lalifupi loyankhidwa ndi inde kapena ayi. Gwirizanani naye chizindikiro: kufinya dzanja kamodzi ndi inde, kawiri ndi ayi, kapena kuphethira, kapena kuloza. Yambani ndi mafunso oti yankho lake mukulidziwa kale, monga dzina lake kapena mudzi wake, kuti muone ngati akumvadi. Kenako funsani nkhani yeniyeniyo. Mudikire pang'ono, mufunsenso mwa njira ina. Yankho likafanana, ndiye kuti walankhula.

Munthu wosamva ndi wosalankhula nzeru ali nazo zonse. Amalankhula ndi manja. Pakhomo pamakhala mmodzi amene amamvana naye kwambiri, mwina mng'ono wake kapena mnzake wa kusukulu. Ameneyo ndiye apite naye kuchipatala, osati wamkulu wa banja chifukwa choti ndi wamkulu.

Agogo amene dzulo anali bwino koma lero akulankhula zosamveka, musawaweruze kuti mutu wapita. Kawirikawiri ndi matenda ochizika: malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga wokwera kapena wotsika. Thamangirani nawo kuchipatala. Akachira nzeru zimabwerera. Chiganizo chomwe chingadikire, monga kugulitsa munda kapena kuwasamutsa, chidikire mpaka adzalankhule okha.

Ngakhale amene salankhula nkomwe, thupi lake limalankhula. Akamakwinya nkhope mukamutembenuza, kubuula, kukana chakudya chomwe amachikonda, kapena kunjenjemera munthu wina wake akalowa m'nyumba, akukuuzani kanthu. Muzimvetsera.

Ndipo amayi, mundimvetse pa ichi. Mayi wa zaka 18 kapena kuposerapo, amene mutu wake ukugwira, amavomera yekha chithandizo cha thupi lake. Kwathu kuno timalemekeza abambo ndi akuchimuna, ndipo kukambirana nkwabwino. Koma mwana akakanirira m'mimba kapena magazi akamatayika, kudikira chilolezo cha bambo amene ali ku Tunduma, ku Nakonde kapena ku Joni ndi kusewera ndi miyoyo iwiri. Mayi akakomoka moyo uli pa chiswe, achipatala amayamba apulumutsa moyo. Musawatsekereze.

KODI WOMULANKHULIRA WOPANDA MBALI NDI NDANI?

Maiko ena nkhaniyi anaiika m'lamulo. Ku England ndi ku Wales kuli lamulo la 2005 lotchedwa Mental Capacity Act. Kuyambira 2007, munthu akakhala kuti sangathe kudzipangira chiganizo, ndipo alibe mbale kapena mnzake woti afunsidwe, achipatala amayenera kuitana womulankhulira wapadera asanachite chithandizo chachikulu kapena kumusamutsira kumalo osungirako anthu. Womulankhulirayo salembedwa ntchito ndi chipatalacho. Amakumana ndi wodwala, amaona mafayilo ake, amafunsa anthu omudziwa za zomwe ankakonda ndi zomwe ankakhulupirira, nkulemba lipoti. Sagamula ndi iye. Koma ogamulawo amakakamizidwa kuganizira zomwe wapeza. Pakakhala chikayiko choti munthuyo akuzunzidwa, womulankhulira akhoza kuitanidwa ngakhale abale alipo.

Kwathu kuno maziko alipo kale. Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limati ulemu wa munthu aliyense usaphwanyidwe, ndipo gawo 20 limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Mu 2009 dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Ndime 12 ya panganolo imati munthu waulumali ndi munthu wathunthu pamaso pa lamulo, athandizidwe kupanga ziganizo zake, ndipo omuthandizawo azilemekeza zofuna zake, asakhale anthu oti ali ndi phindu lawo pa nkhaniyo. Mu 2024 kunabweranso lamulo latsopano la anthu aulumali, lomwe linakhazikitsa bungwe la MACODA m'malo mwa MACOHA.

Kuyambira 2018 m'zipatala muli a Hospital Ombudsman, omwe anakhazikitsidwa ndi ofesi ya Ombudsman mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo kuti azilandira madandaulo a odwala. Ndi chinthu chabwino, tizichigwiritsa ntchito. Koma taganizani. Ofesi ya madandaulo imadikira munthu abwere adzadandaule. Wokomoka sangapite. Mtsikana wosalankhula sangapite. Ndipo ngati amene akumulakwira ndi gadiyani yemweyo, dandaulo silidzafika. Komanso ambiri mwa a Ombudsman a m'zipatala ndi ogwira ntchito pa chipatala pomwepo.

Mwina muti, "Nanga inu anamwino, si ntchito yanu imeneyo?" Inde, tinaphunzitsidwa kuimira wodwala, ndipo timayesetsa. Koma nafenso ndife a chipatala. Tili ndi mabwana, tili ndi mabedi ochepa ndi mzere wautali panja. Wodwala wosalankhula akufunika munthu woti angathe kufunsa banja funso lovuta, nkutembenuka kufunsanso ifeyo funso lovuta.

Nchifukwa chake ndikupempha khonsolo yathu, ofesi ya zaumoyo ndi ya Social Welfare kuti aganizire zophunzitsa anthu ochepa pa chipatala chachikulu cha boma ndi pa zipatala zing'onozing'ono, anthu odziwa zilankhulo zathu, osalembedwa ntchito ndi chipatala, oti aziitanidwa pakafika wodwala wopanda mawu ndi wopanda mwini, kapena pamene abale akukangana pamutu pake. Aphungu athu nawo ayankhulepo ku Nyumba ya Malamulo.

"KOMA ZA M'BANJA SIZITULUKA PANJA"

Ndikudziwa kuti ena mwanena kale zimenezi mumtima. Chibale ndi fupa, sichiola, ndiye mlendo abwere kudzatiuza chiyani za mayi athu? Ena muti zimenezi nza azungu, amene amasiya makolo awo kumalo osungirako okalamba.

Ndikumvetsa. Koma taonani mwambo wathu womwe. Ukwati ukavuta timaitana ankhoswe. Malire a munda akavuta timapita kwa amfumu. Maliro akachitika, mwambo amayendetsa ndi anthu apadera chifukwa anamfedwa mitima ili yosweka. Makolo athu ankadziwa kuti nkhani ikakula pamafunika munthu woima pambali, wa mutu wozizira. Nanga nkhani ya moyo wa munthu wosalankhula ingachepe kuposa malire a munda?

Womulankhulira sabwera kudzalanda banja udindo. Pakhomo pamene pali chikondi, iye amapeputsa katundu. Gadiyani amagona tulo podziwa kuti chiganizo sanachisenze yekha, ndipo mawa palibe adzamuloze chala kuti unapha amayi ndi iwe. Amene angaope kubwera kwa munthu wotere ndi yekhayo amene ali ndi chobisa.

Taganizirani mtsikana wa vuto la ubongo amene watha msinkhu. Makolo, poopa mimba, amaganiza zomutseketsa kapena kumubayitsa jakisoni wa kulera osamuuza. Mantha awo ndi omveka. Koma munthu wopanda mbali angafunse kuti: kodi mtsikanayu mwamufotokozera m'njira yoti amve? Nanga amene mukumuopayo ndani? Kutseketsa kumaletsa mimba, sikuletsa kugwiriridwa, sikuletsa HIV. Wogona ndi mtsikana wotere mopezerapo mwayi wapalamula mlandu waukulu, malo ake ndi kupolisi. Funso ngati limeneli wa m'banja amachita nalo manyazi, makamaka ngati wokayikiridwayo ndi wachibale.

POYEMBEKEZERA BOMA, TINGAYAMBE TOKHA

Pamudzi uliwonse pali anthu odziwika ndi chilungamo: mkulu wa mpingo, mayi wa Umanyano kapena wa bungwe la amayi a Chikatolika, mphunzitsi wopuma ntchito, wodzipereka wosamalira odwala kumudzi, membala wa komiti ya chipatala. Posankha, yang'anani zinthu zinayi.

1. Asakhale woyembekezera cholowa, wosunga ndalama za wodwala, kapena woti ali naye ngongole.
2. Akhale womudziwa wodwalayo ndi chilankhulo chake, kapena wokonzeka kufunsa omudziwa.
3. Akhale wosunga chinsinsi. Matenda a munthu si nkhani ya pa mjigo.
4. Akhale wolimba mtima, wotha kunena mwaulemu kuti "ayi, tadikirani," kwa amalume ngakhalenso kwa adokotala.

Akafika kuchipatala, afunse mafunso awa. Wodwalayu akudwala chiyani? Chithandizo mukufuna kuperekachi chimuthandiza bwanji, ndipo kuopsa kwake nkotani? Tikapanda kuchita chichitike nchiyani? Pali njira ina? Kodi nzeru kapena mawu ake angabwerere, ndipo chiganizochi chingadikire? Kwa abale afunse kuti: ali bwino ankati chiyani za opaleshoni, za kuikidwa magazi, za komwe akufuna kudzakhala akadzafooka? Akumbukire kuti sakunena zomwe iye akanasankha. Akunena zomwe wodwalayo akanasankha, ngakhale iye asakugwirizana nazo.

Ayang'anenso zing'onozing'ono zomwe zimapha mwakachetechete. Kodi wogona akutembenuzidwa maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda? Kodi wa sitiroko akumwetsedwa phala atakhala tsonga, pang'onopang'ono, kuti lisalowe m'mapapo? Kodi wa khunyu akumwa mankhwala ake tsiku lililonse osadumphitsa? Kodi ndalama zake zikugula sopo ndi chakudya chake?

Mukaona kuti munthu wosatha kudzilankhulira akumenyedwa, kumangidwa, kumanidwa chakudya, kugwiriridwa kapena kulandidwa katundu, musati nza eni. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, amfumu, ofesi ya Social Welfare pa boma, kapena a Victim Support Unit ku polisi. Ngati ndi mwana, imbani 116, ndi ulere. Ngati vuto lachitikira kuchipatala, funsani a Hospital Ombudsman, ndipo mukapanda kuthandizidwa, ofesi ya Ombudsman ili ku Mzuzu. Katundu wa munthu wamoyo ndi wake ngakhale atagona chigonere. Ndipo akamwalira, lamulo la 2011 la chuma cha masiye limati kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu.

LANKHULANI LERO, PAKAMWA PAKADALI POTSEGUKA

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sitiroko sigogoda. Ngozi ya njinga yamoto siuza munthu tsiku. Choncho inu amene mukuwerenga muli bwinobwino, chitani izi sabata ino.

Sankhani munthu amene mukufuna adzakulankhulireni mukadzalephera. Mufunseni ngati akuvomera. Kenako uzani banja lonse muli pamodzi, kuti mawa pasadzakhale wonena kuti sanamve. Nenani zofuna zanu momveka: ndikadzadwala kwambiri mudzanditengere kuchipatala msanga, akadzati ku Mzuzu mudzagulitse mbuzi yakutiyakuti, ndikadzafooka ndikufuna kudzakhala kwa uje, ndalama zanga adzasunge uje ndipo azidzaonetsa uje. Lembani papepala m'chilankhulo chanu, musayine kapena kudinda chala pamaso pa mboni ziwiri, pepalalo muliike m'kabuku kanu ka kuchipatala. Pepalalo silingamulamule dokotala, koma limamuthandiza kudziwa mtima wanu, ndipo limatseka pakamwa okangana.

Amayi oyembekezera, musanapite kuchiyembekezo kambiranani ndi abambo kuti pakadzafunika opaleshoni kapena magazi, yankho ndi inde, ndipo gadiyani wanu adziwe. Mukamva mutu waukulu, chidima m'maso, kapena nkhope ndi manja zikatupa, musadikire kukomoka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Inu amene muli ndi mwana waulumali, funso lomwe limakusowetsani tulo ndi loti ine ndikadzapita adzamumva ndani. Yambani lero kuphunzitsa munthu wachiwiri ndi wachitatu zizindikiro zake: akamva njala amatani, akamva ululu amatani, amaopa chiyani, amakondwa ndi chiyani. Mukatero mwamusiyira pakamwa.

Ndipo madzulo ano, ngati pakhomo panu pali agogo kapena wodwala amene mwazolowera kumupangira zonse osamufunsa, khalani naye pansi, mumugwire dzanja, mumufunse chinthu chimodzi, ngakhale chaching'ono: phala kapena tiyi, panja kapena m'nyumba. Mudikire yankho, musafulumire.

Werengerani uthengawu anzanu amene alibe foni, ku sikelo, ku banki m'khonde ndi ku mpingo.